Mafunso a Owerenga: Khodi Yobwerezabwereza m'Madalaivala a Netiweki

Mwezi uno talandira makalata angapo ofunsa za khodi imene imalembedwa kawiri kapena katatu m'madalaivala, amene ndi mapulogalamu oyendetsa zipangizo za kompyuta monga makhadi a netiweki, choncho tawayankha pamodzi. Zitsanzo zambiri tazitenga ku kernel ya Linux, imene ndi phata la operating system imeneyi, chifukwa khodi yake ili poyera ndipo aliyense amene ali ndi intaneti angathe kuitsitsa n'kudzionera yekha zimene tikunenazi.

FUNSO: Akonzi, ndine wophunzira wa sayansi ya makompyuta. Ndakhala ndikuwerenga khodi ya Linux, makamaka foda ya madalaivala a makhadi a Intel, ndipo ndadabwa kuona kuti e1000e, igb ndi igc ali ndi zigawo zofanana pafupifupi mzere ndi mzere, moti pena chosiyana ndi dzina la function lokha. Kusukulu timaphunzitsidwa kuti kukopera khodi n'kukaimata pena ndi chizolowezi choipa. Kodi akatswiri osamalira kernel sanazione zimenezi, kapena pali chifukwa chake? (Wophunzira wa ku Zomba)

YANKHO: Anaziona kalekale, ndipo zina mwa zimene mwaonazo zinachitika dala. Dalaivala aliyense wa khadi la netiweki amagwira ntchito zofanana: amadzutsa chip kompyuta ikayatsidwa, amapempha memori yoti mapaketi (timagawo ta deta toyenda pa netiweki) azifikiramo, amandandalika mapaketi otuluka, amalandira olowa n'kuwapereka ku zigawo za pamwamba za kernel, amayang'anira ngati waya walumikizidwa, ndiponso amagoneka chip laputopu ikatsekedwa. Choncho kampani ikatulutsa chip yatsopano, olemba dalaivala amatenga dalaivala wa chip ya m'mbuyo, amene wayesedwa kwa zaka zambiri, n'kusintha maina, manambala a marejista (timalo ta mu chip timene dalaivala amalembamo ndi kuwerengamo) ndi zina zimene zasiyana. Umu ndi mmene e1000e, amene analowa mu Linux 2.6.24 kumayambiriro kwa 2008, anachokera kwa e1000, ndipo igc wa mu 2018 anatengera zambiri kwa igb.

Chifukwa chimene anapatulira e1000e n'chofunika kuchimvetsa bwino. Dalaivala wa e1000 anafika poyendetsa makhadi akale a PCI pamodzi ndi atsopano a PCI Express, ndipo ma function ake ambiri anadzaza ndi mizere yoyamba yafunsa kuti chip ndi ya mtundu wanji isanachite chilichonse. Munthu wofuna kukonza kanthu ka chip yatsopano ankakhudza khodi imene makhadi akale amadalira, moti kusintha kulikonse kunali ndi chiopsezo chowononga makhadi amene ankayenda bwinobwino. Kugawa dalaivalayo pawiri kunabweretsa khodi yobwereza yambiri, koma kunapatsa makhadi akale mtendere, ndipo ine ndimaona kuti pa nthawiyo anasankha bwino.

Kuipa kwa njirayi kumaonekera mochedwa. Cholakwika chikapezeka mwa dalaivala mmodzi n'kukonzedwa, chimatsalabe mwa abale ake awiri kapena atatu, pokhapokha wina akumbukire kuti khodiyo inakoperedwa n'kupita kukaifufuza. Mu 2001 gulu la Dawson Engler pa yunivesite ya Stanford linapeza kuti madalaivala a Linux ankakhala ndi zolakwika zochuluka kuwirikiza ka 3 mpaka ka 7 poyerekeza ndi mbali zina za kernel. Mu 2004 ofufuza a pa yunivesite ya Illinois anapanga chida chotchedwa CP-Miner chosakasaka khodi yokoperedwa, ndipo cholakwika chimene chidacho chinkagwira chinali cha mtundu uwu: wolemba wakopera chigawo, wasintha dzina la variable pamalo angapo, n'kuiwala pamalo amodzi. Khodi yotere imamangika popanda compiler, pulogalamu yomanga khodi, kudandaula, chifukwa dzina lakalelo likadalipo ndipo ndi lovomerezeka, kenako vuto limadzatulukira patapita miyezi pa kompyuta ya munthu amene sadziwa n'komwe kuti dalaivala n'chiyani.

Komabe Linux ili ndi mwambo wakale wogawana khodi ya netiweki. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 makhadi ambiri, monga NE2000 ya Novell, WD8013 ya Western Digital ndi 3c503 ya 3Com, anamangidwa pa chip ya DP8390 ya National Semiconductor kapena pa zina zotengera iyoyo. Donald Becker, amene analemba madalaivala ambiri oyambirira a Ethernet mu Linux, anaika zonse zokhudza chip imeneyi mu fayilo imodzi, 8390.c, ndipo dalaivala wa khadi lililonse ankangopereka ma function ochepa, monga block_input ndi block_output, onena mmene deta imalowera ndi kutulukira m'khadilo. Izi zinali zokwanira chifukwa makhadiwo ankasiyana pamenepa: NE2000 imadutsitsa deta pa madoko a I/O, pamene WD8013 ili ndi memori imene purosesa imaiwerenga mwachindunji. Becker anaika malire pamalo enieni pamene makhadiwo amasiyanirana, ndipo n'chifukwa chake khodiyo yakhala zaka zoposa 30 ikugwirabe ntchito.

Chitsanzo china ndi PHY, kachipangizo kamene kamalankhula ndi waya weniweni n'kugwirizana ndi switch za liwiro loyendera. Muyezo wa IEEE 802.3 unakhazikitsa kale marejista ake oyambirira, moti rejista 0 ndi yolamulira, rejista 1 imanena mmene kulumikizana kulili, ndipo rejista 2 ndi 3 zimasunga nambala yodziwitsa mtundu wa PHY, koma kwa zaka zambiri dalaivala aliyense ankalemba yekha khodi yowerenga marejista omwewo. Mu 2005 munalowa phylib, imene Andy Fleming wa ku Freescale analemba, ndipo kuyambira pamenepo PHY imodzi imalembedwera dalaivala kamodzi ngakhale itamatidwa pa makhadi a makampani osiyanasiyana. Nawonso a Intel anachita ntchito yofanana, ndipo mu 2024 Linux 6.10 inalandira malaibulale awiri, libeth ndi libie, olembedwa ndi Alexander Lobakin. Woyamba kuwagwiritsa ntchito anali iavf, ndipo n'zomveka kuti ntchitoyi inayambira pa madalaivala atsopano amene akusinthidwabe kawirikawiri, chifukwa ndi kumene phindu lake limaoneka msanga.

Aphunzitsi anu sanalakwitse. Chimene ndingawonjezere ndi chakuti mukaona zigawo ziwiri zofanana, muzifunsa ngati zimafanana pa chifukwa chimodzi, ndiko kuti, ngati chimodzi chikafunika kusintha mawa chinzakenso chidzafunika kusintha mofananamo. Khodi yowerenga rejista 1 ya PHY imafanana kulikonse chifukwa muyezo ndi umodzi, choncho iyenera kulembedwa kamodzi. Khodi yodzutsa ma chip awiri ikhoza kufanana lero mwangozi chabe, n'kudzasiyana kampani ikangotulutsa mtundu wotsatira.

FUNSO: Ndimakonza makompyuta, ndipo makasitomala anga ambiri amagwiritsa ntchito tizipangizo ta Wi-Fi tolowetsa pa USB. Ndinamva kuti dalaivala wa Realtek wotchedwa r8188eu anachotsedwa mu kernel mu 2023, koma tizipangizo timene ankayendetsa tikugwirabe ntchito. Zimenezi zinatheka bwanji, ndipo ngati dalaivalayo ankagwira ntchito anamuchotseranji? (Wokonza makompyuta wa ku Lilongwe)

YANKHO: Zinatheka chifukwa pa nthawiyo dalaivala wina, rtl8xxxu, anali atayamba kuyendetsa chip yomweyo ya RTL8188EU, ndipo kusunga madalaivala awiri a chip imodzi kunalibenso phindu. Nkhani yake ndi yaitali pang'ono. Wi-Fi ndi yovuta kuposa netiweki ya waya, chifukwa pamafunika kusakasaka ma network amene ali pafupi, kupempha kulowa, kusamalira makiyi obisira deta, kulumikizanso mapaketi odulidwa ndi kusunga batire. Ma chip otsika mtengo amasiyira pulogalamu mbali yaikulu ya ntchito imeneyi. Mu 2007 Linux 2.6.22 inalandira mac80211, khodi yochokera ku kampani ya Devicescape imene kwa zaka zambiri yasamalidwa ndi Johannes Berg, kuti ntchito yonseyi ilembedwe kamodzi ndipo dalaivala azingoyendetsa wailesi ya m'chipangizo.

Madalaivala amene makampani amalemba okha nthawi zambiri amapangidwa kuti ayende pa ma operating system angapo, choncho aliyense amabwera atasenza khodi yakeyake ya malamulo onse a 802.11, muyezo wa Wi-Fi. Greg Kroah-Hartman atatsegula foda ya staging mu 2008, malo osungiramo madalaivala amene sanafike pa muyezo wa kernel, munalowa madalaivala angapo a Realtek, aliyense ndi mtolo wake wa khodi yochita ntchito imene mac80211 imachita kale. Anthu odzipereka anakhala zaka akuyeretsa madalaivala amenewa mzere ndi mzere, koma kuyeretsa maina ndi mipata sikuchotsa gwero la vuto. Jes Sorensen anatenga njira ina: analemba rtl8xxxu mwatsopano pamwamba pa mac80211, ndipo dalaivalayo analowa mu Linux 4.4 kumayambiriro kwa 2016 n'kumawonjezeredwa ma chip pang'onopang'ono.

Mwafunsa chifukwa chochotsera chinthu chimene chikugwira ntchito. Mu May 2021 wofufuza Mathy Vanhoef analengeza zofooka za chitetezo cha Wi-Fi zotchedwa FragAttacks, zokhudza mmene mapaketi odulidwa ndi ophatikizidwa amalandiridwira. Mu Linux zambiri mwa zofookazi zinakonzedwa mu mac80211, ndipo madalaivala odalira khodi imeneyo analandira chitetezocho nthawi imodzi. Dalaivala wosenza khodi yakeyake sapindula ndi kukonza kotere mpaka wina akamufufuze payekha, ndipo kasitomala wanu sangaone kusiyana kulikonse, chifukwa intaneti yake imatsegukabe. Pa ntchito yanu ndikulangizani kuti kachipangizo kakamayenda ndi dalaivala amene ali kale mu kernel, musaikenso wina wotsitsa pa intaneti. Lamulo la lsusb limakuuzani chip imene ili m'katimo, ndipo ethtool -i limakuuzani dalaivala amene akuiyendetsa.

FUNSO: Ndimagwira ntchito pa kampani yopanga tizipangizo ting'onoting'ono toyendera Linux. Tili ndi madalaivala awiri a Ethernet a ma chip awiri a banja limodzi, ndipo wachiwiri anakoperedwa kwa woyamba zaka zapitazo. Tsopano cholakwika chilichonse timachikonza kawiri, ndipo nthawi zina timaiwala mbali imodzi. Abwana andipatsa ntchito yowaphatikiza. Ndiyambire pati kuti ndisawononge zimene zikuyenda? (Mmalawi wokhala ku Johannesburg)

YANKHO: Yambani ndi kuwerenga musanasinthe mzere uliwonse. Ikani mafayilo awiriwo pambali ndi pambali ndi diff, ndipo pa kusiyana kulikonse fufuzani mu git log ndi git blame kuti kunabwera liti ndiponso chifukwa chiyani. Zosiyana zina zidzakhala maina chabe, zina zidzakhala zolakwika zimene zinakonzedwa mbali imodzi yokha, koma padzakhalanso zochepa zimene ndi zoopsa kuzikhudza. Mungapeze kuti dalaivala mmodzi amadikira ma microsekondi ochepa ndi udelay akalemba rejista inayake, kapena amawerenganso rejista imene wangoilemba kumene, kapena ali ndi dma_wmb pamalo pamene mnzake alibe. Mizere yotere imaoneka ngati zinyalala, koma kawirikawiri ndi mankhwala a chilema cha chip, kapena ndi njira yotsimikizira kuti zolembedwa zafikadi ku chipangizo chisanauzidwe kuyamba ntchito. Pezani chikalata cha zilema za chip iliyonse kuchokera kwa opanga, ndipo mzere umene simukudziwa cholinga chake muusiye pomwe uli kufikira mutachidziwa.

Musanalembe laibulale yanuyanu, onani ngati kernel ilibe kale chimene mukufuna, chifukwa khodi yabwino kwambiri yogawana ndi imene anthu ena ambiri akuiyesa tsiku ndi tsiku. Ngati madalaivala anu amawerenga okha marejista a PHY, asamutsireni ku phylib, kapena ku phylink imene Russell King anabweretsa mu 2017 pothandiza madoko ovuta monga a SFP. Ngati aliyense ali ndi njira yake yobwezeretsera masamba a memori olandiriramo mapaketi, gwiritsani ntchito page_pool, imene Jesper Dangaard Brouer analowetsa mu Linux 4.18 mu 2018. Ma function oyamba ndi devm_ amachotsa mizere yambiri yobweza memori pamene kudzutsa chip kwalephera. Mukachita izi zokha mungapeze kuti khodi yobwereza yachepa kwambiri musanaphatikize chilichonse.

Zotsalazo zimafuna kusankha kamangidwe, ndipo apa pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kulemba ma function othandiza amene dalaivala amawaitana akafuna, n'kukhalabe ndi ufulu wochita zake pamene chip yake yasiyana. Yachiwiri ndi kulemba chigawo chapakati chimene chimalamulira zonse n'kumaitana dalaivala pa nthawi imene icho chasankha. Neil Brown anachenjeza olemba kernel za njira yachiwiriyi mu 2009, ponena kuti chigawo chapakati chimakakamiza zipangizo zonse kuyenda mofanana, ndipo chipangizo chosiyana chikabwera pamafunika kuboola chigawocho kuti chikwanemo. Izi sizikutanthauza kuti njirayo siyenda konse. Mukalumikiza foni ku kompyuta ndi waya wa USB kuti mugawane intaneti, kapena mukalowetsa dongle ya deta, nthawi zambiri mumadalira usbnet, imene David Brownell analemba. Usbnet imasamalira mizere ya mapaketi ndi kulankhula ndi USB, ndipo madalaivala ang'onoang'ono monga cdc_ether, rndis_host, asix ndi qmi_wwan amangopereka ma function monga rx_fixup ndi tx_fixup okonza mutu wa paketi. Zimayenda bwino chifukwa zipangizozo zimafananadi, komabe r8152, dalaivala wa ma adapter a Realtek a USB, sagwiritsa ntchito usbnet ndipo ali ndi njira yakeyake. Pa ma chip anu awiri ndikulangizani njira yoyamba, chifukwa zitsanzo ziwiri zokha sizikwanira kukuuzani zimene chip yachitatu idzafune.

Kusiyana kwa manambala, monga malo a marejista, kukula kwa mizere ya mapaketi ndi luso limene chip ili nalo, kuikeni mu struct imodzi ya chip iliyonse, yosankhidwa pa nthawi yodzutsa kudzera pa nambala ya PCI kapena pa dzina la mu device tree. Mukaona kuti function yogawana ikufuna kuuzidwa zinthu zambirimbiri kuti idziwe chip imene ikuitumikira, ndiye kuti mwaphatikiza zinthu zosiyana ndipo ndi bwino kubwerera. Mu Linux muli madalaivala awiri, 8139too ndi 8139cp, a makhadi a RTL8139 okhala ndi nambala imodzi ya PCI, ndipo sanaphatikizidwe chifukwa chip yakale imalandirira mapaketi onse m'chigawo chimodzi cha memori n'kukhala ndi malo 4 okha otumizira, pamene mtundu wa C+ umagwiritsa ntchito ndandanda ya ma descriptor. Mitima ya madalaivala awiriwa ndi yosiyana ngakhale dzina la khadi ndi limodzi.

Kenako yendani pang'onopang'ono. Gawani ntchitoyo m'ma patch, ndiko kuti zosintha zing'onozing'ono zotumizidwa pazokha. Patch yoyamba isamutse khodi kupita ku fayilo yogawana popanda kusintha kanthu, ndipo git diff --color-moved ikuthandizani kutsimikizira kuti mizere yangosamuka. Patch yachiwiri isamutse dalaivala woyamba, yachitatu wachiwiri, ndipo kukonza cholakwika chilichonse kukhale patch yapayokha yofotokoza chimene chakonzedwa. Kernel imangike ndi kuyenda pambuyo pa patch iliyonse, kuti vuto likadzapezeka git bisect idzathe kuloza patch imene inalibweretsa. Kumbukiraninso kuti khodi yogawana ili ngati mjigo wa pamudzi: pamene banja lililonse linali ndi chitsime chake, chimodzi chikagumuka ovutika anali ochepa, koma mjigo ukawonongeka mudzi wonse umagona ndi ludzu. Mu 2018 Heiner Kallweit atasamutsira r8169 ku phylib, ntchito yabwino ndiponso yochitidwa mosamala, makompyuta ena anayamba kudzuka opanda netiweki chifukwa module ya PHY ya Realtek sinkalowetsedwa pa nthawi yake, ndipo panafunika ma patch ena okonza zimenezi. Choncho yesani ma chip onse awiri, osangoona ngati ping ikuyankha: zulani waya n'kubwezeretsa, gonekani chipangizo n'kuchidzutsa, chotsani module n'kuibwezera, ndipo dzazani netiweki ndi iperf3 kwa maola angapo.

FUNSO: Mnzanga wina amati kuphatikiza khodi kumachedwetsa dalaivala, chifukwa kuitana function kudzera pa pointer kumadya nthawi. Kodi n'zoona? (Wowerenga wa ku Mzuzu)

YANKHO: N'zoona pa mbali yochepa ya dalaivala, ndipo masamu ake ndi osavuta. Paketi yaing'ono kwambiri ya Ethernet ndi ya ma byte 64, koma pa waya imatenga malo a ma byte 84 tikawerengera mutu wake ndi mpata wosiyanitsa mapaketi. Pa liwiro la magigabit 10 pa sekondi, mapaketi otere amafika 14.88 miliyoni pa sekondi iliyonse, kutanthauza kuti paketi iliyonse ili ndi ma nanosekondi 67.2 okha, amene pa purosesa ya 3 GHz ndi ma cycle pafupifupi 200. Kuyambira mu January 2018, pamene chofooka cha Spectre chinalengezedwa ndipo kernel inayamba kudzitchinjiriza ndi njira yotchedwa retpoline, kuitana kudzera pa pointer kunakwera mtengo kwambiri pa mapurosesa ambiri, moti kuitana kotere kangapo pa paketi iliyonse kumaonekera pa liwiro.

Koma mbali yaikulu ya dalaivala siyenda pa paketi iliyonse. Kudzutsa chip, kuyankha ethtool, kuyang'anira PHY ndi kugoneka chipangizo zimachitika mwa apo ndi apo, ndipo pamenepo ma nanosekondi ochepa alibe kanthu. Pa njira yolandira ndi kutumiza mapaketi pali nzeru ina: khodi yogawana imalembedwa ngati static inline mu fayilo ya header, kuti compiler aimange m'kati mwa dalaivala aliyense n'kuchotsa kuitanako. Banja la 8390 linatsata nzeru yofanana, pamene fayilo ya lib8390.c imalowetsedwa ndi #include m'madalaivala angapo, aliyense atanena kaye mmene amawerengera ndi kulembera marejista. Khodi yomangidwa imakhalabe yobwereza, koma yolembedwa ndi anthu ndi imodzi, ndipo imeneyi ndi imene imafuna kusamalidwa. A FreeBSD anapita patali ndi iflib, imene imasamalira mizere ya mapaketi m'malo mwa madalaivala, ndipo mu FreeBSD 12.0 ya mu 2018 madalaivala a em, lem ndi igb anakhala khodi imodzi. Mnzanuyo muuzeni kuti mkangano wotere umathetsedwa ndi kuyeza ndi perf ndi pktgen, kusintha kusanachitike ndiponso kutachitika.

FUNSO: Ndikufuna kutumiza patch yanga yoyamba ku Linux. Ndapeza function yofanana m'madalaivala atatu akale ndipo ndikuganiza zoiphatikiza, koma makhadi ake ndilibe. Kodi ailandira? (Wolemba mapulogalamu wa ku Blantyre)

YANKHO: Mwina sailandira, ndipo ndi bwino mudziwiretu chifukwa chake kuti musakhumudwe. Osamalira khodi ya netiweki, amene ndi David S. Miller, Jakub Kicinski, Eric Dumazet ndi Paolo Abeni, analemba m'malangizo awo kuti salimbikitsa ma patch ongoyeretsa khodi popanda ntchito ina imene akuthandizira. Patch iliyonse imadya nthawi ya owunika, imavutitsa onyamula zokonza kupita ku ma kernel akale chifukwa mizere yasuntha, ndipo ikakhudza khadi limene palibe wowayesera imabweretsa chiopsezo chimene palibe angachiyeze. Kuphatikiza kumalandiridwa mosavuta pamene mwaonetsa phindu lenileni, mwachitsanzo kuti mwa makope atatuwo imodzi ili ndi cholakwika chimene zinzake zinakonza kale.

Kusintha kwakukulu kokhudza madalaivala ambiri kumachitikadi, koma kumakhala ndi cholinga chooneka. Mu 2021 Jakub Kicinski anadutsa m'madalaivala ochuluka kwambiri kuchotsa mizere imene inkalemba adiresi ya MAC (nambala yodziwitsa khadi pa netiweki) mwachindunji, n'kuikamo eth_hw_addr_set, chifukwa kernel inali itayamba kusunga maadiresi mu mtengo wofufuzira mwachangu umene ukanasokonezeka dalaivala akasintha adiresi mobisa. Ntchito zotere zimathandizidwa ndi Coccinelle, chida chimene Julia Lawall wa ku Inria ku France wakhala akutsogolera, chimene chimasintha khodi ya C potsata kamangidwe kake m'mafayilo onse nthawi imodzi. Kuchiphunzira kudzakuthandizani kwambiri, ndipo mu kernel muli kale lamulo la make coccicheck loyambirapo.

Kusowa makhadi kusakulepheretseni kuphunzira. QEMU, pulogalamu yoyerekeza kompyuta yathunthu, imayerekeza makhadi a NE2000, RTL8139, e1000 ndi e1000e, choncho mungathe kumanga kernel pa laputopu yanu, kusintha dalaivala n'kuona zotsatira, ngakhale kuti khadi loyerekeza silikhala ndi zilema zonse za khadi lenileni. Choposa apo, yang'anani ndi lspci khadi limene lili mu kompyuta yanu n'kuyambira pa dalaivala wake. Pa function imene mwapezayo, yerekezani makope atatuwo chilembo ndi chilembo. Mukapeza kuti imodzi inasiyidwa pokonza cholakwika, tumizani patch yokonza chokhacho ku nthambi ya net, imene imalandira zokonza zolakwika, patchyo ikhale ndi mzere wa Fixes woloza commit imene inabweretsa cholakwikacho, ndipo munene poyera kuti mwangoimanga koma simunaiyese pa khadi. Kuphatikiza kwenikweni kumapita ku net-next, nthambi yolandira zatsopano, ma patch osaposa 15 pa ulendo umodzi, ndipo nthambiyo imatsekedwa kwa masabata awiri pamene Linus Torvalds akulandira zatsopano za mtundu wotsatira. Musanatumize, yendetsani scripts/checkpatch.pl pa patch yanu, ndipo scripts/get_maintainer.pl ikuuzani anthu oyenera kuilandira.